Bafa la Chigongono

Loweruka m'mawa tinaima pa silabu ku Area 49,
ine ndi khala m'manja,
Zelifa ndi tepi yobwereka kwa telala,
a Kambalame apulambala ndi pensulo kukhutu,
akuyang'ana pansi ngati munthu wotaya ndalama.

Chipindachi sichinabadwe chowongoka.
Wadiropu ya kuchipinda chogona inaluma ngodya imodzi,
chotsalacho n'kupindika ngati chigongono:
mamita atatu kuloza kumsewu,
kenaka kukhota, awiri kuloza kwa aneba
amene agalu awo akutiuwa chiyambire maziko.

Mu mkono wautaliwo ndinajambula bafa logonamo,
lija ndinaliona kuhotela tili pa semina.
Zelifa sanatsutse.
Anangopita pa mpopi wapabwalo n'kuutsegula.
Mpopi unatsokomola kawiri, basi zii.
Ndinafufuta ndekha ndi chidendene.

A Kambalame akuti paipi sikonda ulendo wautali,
madzi oipa asamazungulire m'nyumba ngati mlendo wosochera.
Akuti shawa ipite kumapeto kwenikweni
kumene zenera lidzamwe dzuwa la masana
kuti ndere isowe pogwira.
Atafika pa mtengo wa matailosi a ku Malangalanga
anatsitsa mawu ngati akunena za maliro.

"Nanga chitseko chikatseguka, maso agwere pa chiyani?"
Anafunsa Zelifa,
ndipo tonse awiri tinabwerera ku Kawale osasuntha phazi:
zaka zisanu ndi zinayi za lendi,
mabanja asanu, bafa limodzi la malata,
chitenje chopachika pakhomo ndiye loko,
kutsokomola ndiye kunena kuti muli munthu,
sopo ukamuiwala ndiye watsanzikana naye.
Choncho chimbudzi tinachibisa kuseri kwa khonalo.
Wotsegula chitseko adzakumane ndi sinki,
ndi galasi, ndi nkhope yake yomwe.

Pa chigongono penipeni anandilanda khala
n'kujambula chozungulira.
Apa ndi pa ndowa, akutero,
ndowa ya buluu ija tinasamuka nayo katatu.
Madzi a kuno amabwera tambala asanalire,
mwakachetechete, ngati mwamuna wochedwa ku mowa,
ndiye pafunika wina wowadikira.

Tinakanganapo pa chitseko.
Ine ndimati masentimita makumi asanu ndi awiri akwana,
thabwa silitoledwa pamsewu.
Iye anatambasula tepi mpaka makumi asanu ndi anayi
n'kupondapo.
Wayiwala bambo ako atatuluka ku Central?
Njinga yawo inakanirira pakhomo la bafa,
tinawanyamula awiri, iwe kumapewa, ine kumiyendo,
munthu wamkulu atatseka maso ndi manyazi.
Mmodzi wa ife adzakankha mnzake kulowa muno.
Sindikudziwa kuti ndani.
Pasakhale sitepe. Pakhoma apa pakhale chogwirira.

A Kambalame analemba pa pepala la thumba la simenti
osadzutsa mutu.
Ine ndinayang'ana kwa aneba
ngati agalu aja ali ndi nkhani yofunika.

Mphepo ya Ogasiti inayamba kuseseratu mizere yathu.
Njerwa zikadali ngongole,
zenera likadali mpweya,
galasi ndi thambo chabe.
Zelifa analowa pa chitseko chimene kulibe,
anadutsa sinki, analambalala ndowa,
anakhota bwinobwino osaponda khoma la makala,
n'kukaima pa shawa, nsapato zili m'manja.

"Ukundiona?"

Ndimamuona yense,
fumbi kumapazi, imvi ziwiri pamwamba pa khutu,
kumbuyo kwake minibasi ikukwera kuloza ku Kanengo.

"Ayi," ndinatero. "Khoma latchinga."

A Kambalame anakonza kukhosi,
akuti Lolemba abwera ndi mnyamata wawo,
koma ya thiransipoti ndiye ikhale ya lero.